Sitolo Yomwe Inadikira Zaka 20 pa Chipata cha St. Albans

M'mwezi wa Okutobala chaka cha 2013, kampani ya Walmart inatsegula sitolo m'mphepete mwa St. Albans, kumpoto kwa chigawo cha Vermont m'dziko la America. Kwina kulikonse m'dzikomo nkhani yotere sikanafika n'komwe pa tsamba loyamba la nyuzipepala, pakuti kampaniyi inali kale ndi masitolo zikwizikwi. Koma sitolo iyi inali itadikira zaka 20. Pempho loyamba lomanga linaperekedwa mu 1993. Linakanidwa, nkhani inakafika ku khoti lalikulu la chigawocho, inagona, inadzukanso, n'kubwereranso ku khoti lomwelo. Mwana amene anabadwa m'chaka cha pempho loyambalo anali atafika kale pa msinkhu woti akhoza kulembedwa ntchito m'sitolomo tsiku lotsegulira. Pa zaka zonsezi anthu a m'dera limodzi, opemphera m'matchalitchi amodzi ndi kugula mafuta a galimoto pamalo amodzi, ankakangana za chinthu chimodzi: kodi kugula motchipa pafupi ndi kwanu kuyenera kulipiridwa ndi munda, ndi msewu wakale wa masitolo, ndi nkhope ya malo amene munabadwira?

Mawu ena ayenera kuwongoledwa nkhaniyi isanapite patali. Liwu loti tauni linalowa m'Chichewa kuchokera ku Chingerezi, ndipo polowa linanyamula tanthauzo limodzi n'kusiya ena pakhomo. Munthu wa ku Dedza, wa ku Katete kapena wa ku Angónia akati akupita ku tauni, akunena kumene kuli nyumba zosanja, magetsi ndi piringupiringu wa anthu, kosiyana ndi kumudzi. Ku Vermont liwu lomwelo limatchula kachigawo ka nthaka, kawirikawiri ka mbali zinayi zotalika pafupifupi makilomita 10 iliyonse, momwe mungakhale mapiri, nkhalango, mafamu ndi kamudzi kamodzi kapena tiwiri. Matauni otere alipo oposa 230, ndipo ambiri mwa iwo Mchewa akanawatcha midzi popanda kukayika. Lachiwiri loyamba la mwezi wa Malichi anthu a tauni iliyonse amasonkhana kuti avomereze ndalama za sukulu ndi za misewu yawo, pena pokweza manja. Chigawo chonse chinali ndi anthu pafupifupi 643,000 pa kalembera wa 2020. Likulu lake, Montpelier, lili ndi anthu pafupifupi 8,000 okha, ndipo mzinda waukulu koposa, Burlington, sufika pa 50,000.

Liwu lina ndi la sprawl, lomwe ndilo linali pakamwa pa aliyense m'mikanganoyi. Poyamba linkanena za munthu wogona chotambalala, mwendo uku dzanja uko. Kenako linapatsidwa kwa mizinda yomwazika mopanda dongosolo m'mbali mwa misewu ikuluikulu. Chichewa chili nalo liwu lomveka bwino kuposa ilo, ndilo kuyanga, monga amachitira maungu: tsinde lili pano, koma mphukira yakafika m'munda wa mnansi, ndipo paliponse pamene yakhudza nthaka yazikapo mizu. Mzinda woyanga sukula m'mwamba kapena m'kati, umatsata msewu.

Nanga nkhope yomwe ankaitetezayo inachokera kuti? Apa mbiri imachititsa manyazi aliyense wolankhula ngati kuti Vermont anali chomwechi kuyambira kale. Dzikolo linali la anthu a mtundu wa Abenaki, omwe chilankhulo chawo chatsalira m'maina a mitsinje monga Winooski ndi Missisquoi. Atsamunda atalanda nthaka anagwetsa mitengo mosaleka. Mu 1811 William Jarvis, yemwe anali nthumwi ya America ku Lisbon, anabweretsa nkhosa za mtundu wa merino ku Weathersfield, ndipo pofika 1840 nkhosa zinali zoposa miliyoni imodzi ndi theka pomwe anthu anali osakwana 300,000. Mapiri ambiri anametedwa mpala kuti pakhale msipu. Malonda a ubweya atagwa, mabanja ambiri anasiya minda n'kulowera kumadzulo, mitengo inameranso pa mabwinja, ndipo otsala anatembenukira ku ng'ombe za mkaka. Lero pafupifupi magawo atatu mwa anayi a chigawochi ndi nkhalango. Kachisi woyera wa nsanja yosongoka, khola lofiira ndi phiri lobiriwira kumbuyo kwake, zomwe alendo amajambula, ndi zotsatira za umphawi ndi kusamuka kwa anthu monga momwe zilili zotsatira za khama. Boma la chigawocho linazindikira msanga kuti nkhope imeneyi ndi katundu wogulitsika, moti mu 1946 linayambitsa magazini ya Vermont Life, yodzaza ndi zithunzi zokopa alendo. Chikomekome cha mkuyu: kuseri kwa zithunzizo mafamu a mkaka, omwe anali oposa 11,000 m'zaka za m'ma 1940, ankatsekedwa chaka ndi chaka, ndipo lero sakwana 600.

Kusintha kwakukulu kunabwera ndi phula. Kampani ya IBM inatsegula fakitale ku Essex Junction mu 1957, ndipo m'zaka za m'ma 1960 misewu ikuluikulu iwiri, I-89 ndi I-91, inayamba kulumikiza Vermont ndi mizinda ya Boston ndi New York. Anthu olemera a m'mizindamo anayamba kugula malo m'mapiri a kummwera kuti amangepo nyumba zokhalamo pa tchuthi cha masewera otsetsereka pa chipale. Makampani ankadula mapiri m'tizigawo ting'onoting'ono, nyumba n'kumangidwa pa thanthwe pomwe zonyansa za m'zimbudzi zinalibe kolowera. Matauni a anthu mazana ochepa, omwe atsogoleri ake anali alimi ogwira ntchitoyo mongodzipereka, analibe mphamvu zokanira kampani yobwera ndi maloya.

Nyumba ya malamulo inayankha kawiri. Mu 1968 inaletsa zikwangwani zikuluzikulu zotsatsa malonda m'mbali mwa misewu, ndipo mpaka lero woyenda ku Vermont amangoona tizikwangwani tating'ono tofanana tolozera kumene kuli malonda. Mu 1970, pansi pa bwanamkubwa Deane Davis, inakhazikitsa lamulo lodziwika ndi dzina loti Act 250. Ndi bwino kukumbukira kuti Davis anali wa chipani cha Republican ndiponso anali atatsogolerapo kampani ya inshuwalansi; sanali mdani wa malonda. Lamuloli linati ntchito yomanga ya malonda yotenga maekala oposa 10, kapena yoposa ekala imodzi m'tauni yopanda malamulo akeake a kagawidwe ka malo, iyenera kupeza chilolezo ku komiti ya nzika za m'deralo. Komitiyo inkayeza pempho pa mfundo 10: madzi, mpweya, kukokoloka kwa nthaka, kuchuluka kwa magalimoto, katundu amene ntchitoyo idzasenzetse sukulu ndi makhonsolo, nthaka yabwino yaulimi, ngakhale kukongola kwa malo. Anansi ndi matauni oyandikana anapatsidwa mwayi wolankhula ndi wochita apilo. Chida chimenechi n'chimene chinagwiritsidwa ntchito pa nkhondo zonse zotsatira.

Nkhondo yoyamba yaikulu inachitikira ku Williston, tauni ya alimi kummawa kwa Burlington, pa mphambano yotchedwa Taft Corners, pafupi ndi potulukira msewu wa I-89. Kampani ya Pyramid ya ku Syracuse inafuna kumangapo msika waukulu wa masitolo ambiri pansi pa denga limodzi. Mu 1978 komiti inakana, potchula za kuchuluka kwa magalimoto ndi mavuto a zachuma amene msikawo ukanadzetsa ku Burlington. Mzindawo sunangokhala chete kudikira mdani: mu 1981 unatseka mbali ya msewu wa Church Street kwa magalimoto n'kuusandutsa msika wa anthu oyenda pansi, womwe ulipo mpaka lero. Chaka chomwecho Bernie Sanders anasankhidwa kukhala meya wa mzindawo poposa mnzake ndi mavoti 10 okha, ndipo naye anapitiriza kutsutsa msika wa ku Williston. Otsutsa anapambana mlandu. Koma dambo la Taft Corners linali pomwepo, msewu waukulu unali pomwepo, ndipo eni nthaka sanasiye kufuna kugulitsa. Msika wa denga limodzi sunamangidwe. M'malo mwake munabwera masitolo akuluakulu oima paokhapaokha, iliyonse ndi bwalo lake loimikapo magalimoto. Williston, yomwe inali ndi anthu osakwana 1,500 mu 1960, inali itapitirira 10,000 pofika 2020.

Apa m'pomwe Walmart ikulowera. Sam Walton anatsegula sitolo yoyamba ya Walmart ku Rogers, m'chigawo cha Arkansas, mu 1962, ndipo nzeru yake inali yoti matauni ang'onoang'ono, omwe makampani ena ankawanyoza, ali ndi ogula okwanira ngati sitolo imodzi ingakokere anthu a m'midzi yonse yozungulira. Ankamanga nkhokwe yaikulu ya katundu, kenako n'kuzinga nkhokweyo ndi masitolo pa mtunda woti lole ikhoza kupita ndi kubwerera tsiku limodzi. Pogula katundu wochuluka kwambiri nthawi imodzi, kampaniyi inkakakamiza opanga katundu kutsitsa mitengo, ndipo mwini kasitolo wa pa msewu wakale nthawi zina ankapeza kuti mtengo umene iye amaodera chinthu ndi wokwera kuposa umene Walmart ikugulitsira chinthu chomwecho. Sitolo yotere imafuna malo athyathyathya, otchipa, a m'mbali mwa msewu waukulu, ndipo malo otere kawirikawiri amakhala munda wa munthu. Katswiri wa zachuma Kenneth Stone wa ku Iowa State University, yemwe anayamba kufufuza nkhaniyi kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, anapeza kuti malonda onse a tauni yolandira sitolo yotere ankakwera poyamba, koma masitolo ogulitsa katundu wofanana ndi wa Walmart ankagwa, ndipo matauni ang'onoang'ono oyandikana nayo ndiwo ankavulala koposa. Ndalama sizinkachokera kumwamba, zinkangosamuka.

Pofika chapakati pa zaka za m'ma 1990, Vermont ndicho chinali chigawo chokhacho mwa zigawo 50 chopanda Walmart. Mu 1993 bungwe la National Trust for Historic Preservation, lomwe chaka chilichonse limatchula malo 11 a mbiri omwe ali pa chiopsezo, linachita chinthu chachilendo: m'malo motchula nyumba kapena mlatho, linatchula chigawo chonse cha Vermont. Linabwerezanso zomwezo mu 2004. Kunena zoona, uku kunali kukokomeza kofuna kukopa atolankhani, koma kunagwira ntchito. Kampaniyi inalowa mowerama. Sitolo yake yoyamba inatsegulidwa ku Bennington mu 1995, m'nyumba yomwe kale munali sitolo ya Woolworth. Mu 1997 inatsegula ina pakatikati pa mzinda wa Rutland, m'nyumba yomwe Kmart inasiya, atailimbikitsa kwambiri a bungwe la Preservation Trust of Vermont motsogozedwa ndi Paul Bruhn. Maganizo a Bruhn anali osavuta kumva: vuto si dzina la kampani koma malo ndi kukula kwa sitolo. Ikakhala pakati pa mzinda, wobwera kudzagula bulangete adzalowanso m'sitolo ya mabuku ndi m'nyumba yodyera, ndipo wopanda galimoto adzafikako wapansi. Koma chaka chomwecho cha 1997 sitolo ina yaikulu ya Walmart inatsegulidwa pa dambo lija la Taft Corners.

St. Albans ndiye anali fupa lolimba. Pali ma St. Albans awiri, ndipo wosamvetsa zimenezi sangamvetse mkanganowo. Pali mzinda, waung'ono ndi wothithikana, womwe unakula chifukwa cha njanji ya Central Vermont, wokhala ndi bwalo la mitengo lotchedwa Taylor Park ndi msewu wa masitolo a njerwa. Ndi pa msewu umenewu pomwe, mu Okutobala 1864, asilikali a mbali ya kummwera pa nkhondo yapachiweniweni ya America, atalowera ku Canada, anathyola mabanki atatu masana dzuwa likuswa mtengo. Ndipo pali tauni ya St. Albans, yozinga mzindawo mbali zonse ngati mpanda, yokhala ndi minda ndi khonsolo yakeyake. Sitolo inkafunidwa kumangidwa m'tauni, makilomita atatu okha kuchokera pa msewu wa masitolo wa mumzinda. Msonkho wa malo ukanapita ku tauni. Masitolo otsekedwa akanakhala a mumzinda. Wina adye nyama, wina atsuke mbale.

Komiti ya m'deralo inavomereza pempho loyamba, koma bungwe loona za apilo pa lamulo la Act 250 linakana. Chigamulo chake n'chofunika kuchimvetsa bwino chifukwa ambiri amachifotokoza mopotoka. Bungwelo silinanene kuti amalonda akale ali ndi ufulu wotetezedwa ku mpikisano. Linanena kuti masitolo a mumzinda akatsekedwa, mtengo wa nyumba zawo umatsika, msonkho umene khonsolo imatolera umachepa, pomwe ndalama zofunika pa misewu, apolisi ndi sukulu zikukwera. Ndipo litawerengera linapeza kuti zimene anthu onse adzalipire zidzaposa zimene adzapindule. Mu 1997 khoti lalikulu la Vermont linagwirizana ndi chigamulochi. Aka kanali kupambana kwakukulu kwa otsutsa, ndipo mlanduwo umaphunzitsidwabe kwa ophunzira za malamulo a nthaka.

Kenako kunachitika chinthu chomwe sichinachokere ku khoti kapena ku Arkansas. Mu 2002 kampani ya Ames, yomwe inali ndi masitolo apakatikati ogulitsa zovala ndi ziwiya zotchipa m'matauni ambiri a Vermont, kuphatikizapo St. Albans, inagwa n'kutseka masitolo ake onse. Mwadzidzidzi banja la ku dera la Franklin lofuna masokosi a ana, makabudula amkati kapena poto linayenera kuyenda makilomita pafupifupi 50 kupita ku Williston, n'kubwereranso, m'dziko lomwe chisanu chimaundanitsa misewu miyezi ingapo pa chaka. Funso loti munthu akagula kuti kabudula wamkati linasanduka mwambi m'mikangano ya ku Vermont, ndipo ngakhale linkaseketsa, linali lolemera. Amene ankalifunsa sanali adani a kukongola kwa dziko lawo. Anali ogwira ntchito m'mafamu ndi m'mafakitale, okalamba odalira penshoni, amayi olera okha ana. Ambiri mwa iwo ankaona kuti otsutsa sitoloyi ndi anthu a ndalama zawo, ena obwera kuchokera ku zigawo zina, omwe anagula nyumba chifukwa cha maonekedwe a phiri ndipo tsopano akufuna kuti eni dera akhalebe osauka kuti chithunzicho chisawonongeke. Kuneneza kumeneku sikunali kolungama kwathunthu, pakuti pakati pa otsutsa panalinso alimi a m'deralo ndi eni masitolo obadwira komweko. Koma munali choonadi chokwanira moti kunaluma.

Mu 2004 wamalonda wa zomangamanga Jeff Davis, yemwenso anabweretsa Walmart ku Williston, anaperekanso pempho la malo omwewo, ndipo sitolo ya ulendo uno inali yaikulu kuposa yoyamba ija. Bungwe la Vermont Natural Resources Council pamodzi ndi gulu la nzika za m'deralo anatsutsa mpaka kumapeto. Koma dera linali litasintha. Pa zaka 10 zapakatizo mbali imeneyo ya msewu inali itadzala kale ndi malonda ena, kotero kunali kovuta kunenabe kuti sitoloyo ikumangidwa patali ndi pomwe pali chitukuko. Kuyanga kunadzipezera chilolezo chokha: mphukira iliyonse yomwe inaloledwa chifukwa inali yaing'ono inakhala umboni woti yaikulu ikhoza kutsatira. Khoti la zachilengedwe linavomereza mu 2010, khoti lalikulu linatsimikiza mu 2011, ndipo mu 2013 zitseko zinatseguka pa nyumba yotenga malo pafupifupi mabwalo awiri a mpira, osawerengera poimika magalimoto.

Mbali imodzi ya mbiriyi imene okonda Act 250 sakonda kuikhalira ndi ya mtsinje wa Connecticut, womwe ndi malire a Vermont ndi New Hampshire. Mu 1969, chaka chimodzi lamuloli lisanabwere, bwanamkubwa Davis yemweyo anakhazikitsa msonkho wa pogula katundu, womwe lero uli pa 6 peresenti. New Hampshire alibe msonkho wotere. Zotsatira zake zimaoneka ndi maso: ku White River Junction, mbali ya Vermont, kuli nyumba zakale za njerwa ndi timasitolo ta zaluso, pomwe kutsidya kwa mlatho, ku West Lebanon, kuli mzere wautali wa masitolo akuluakulu, ndipo m'mabwalo ake mumadzaza magalimoto a nambala zobiriwira za Vermont. Anthu a kummawa kwa chigawochi anasunga nkhope ya midzi yawo, inde, koma sanasiye kugula m'masitolo aakulu. Anangosiyira mnansi matope, iwo n'kutenga mvula, ndipo pamodzi ndi matopewo anamusiyiranso ntchito ndi msonkho.

Kodi mzinda wa St. Albans unafa monga ankalosera? Ayi, koma sunapulumuke mwangozi. Poona kuti sitolo ikubwera ndithu, atsogoleri a mzindawo anabwereka ndalama n'kukonzanso msewu wa masitolo, kukulitsa njira za oyenda pansi, kumanga nyumba yosanja yoimikamo magalimoto ndi kukopa hotela kuti imangidwe pakatikati. Msewuwo uli ndi moyo, ngakhale kuti zimene umagulitsa zasintha: chakudya, khofi, mphatso, ntchito za m'maofesi. Masokosi aja amagulidwa kunja kwa mzinda. Apa pali funso lomwe mbali zonse ziwiri sizinaliyankhe mokhutiritsa. Msewu womwe nyumba zake zasungidwa bwino koma anthu wamba sapezamo zosowa za tsiku ndi tsiku, kodi wasunga khalidwe lake kapena wangosunga chigoba?

Pamene maso onse anali pa chimphona, tizilombo tating'ono tinalowa pansi pa chitseko. Kampani ya Dollar General, yomwe masitolo ake ndi aang'ono moti kawirikawiri safika pa muyeso wofuna chilolezo cha Act 250, inafalikira m'matauni ambiri a Vermont m'zaka za m'ma 2010. Anthu a ku Chester analimbana nayo mpaka ku khoti, koma sitolo inamangidwa. Masitolo amenewa ndiwo amapikisana maso ndi maso ndi golosale ya pamudzi, ija yogulitsa mkate, misomali ndi nyuzipepala, momwe anthu amamvera za maliro ndi za ng'ombe yosochera. Pamwamba pa izi panabwera kugula pa intaneti, komwe sikupempha chilolezo kwa komiti iliyonse. Midzi ina inayankha m'njira yomwe mwina ndi yanzeru koposa zonse m'nkhaniyi: inaleka kudikira khoti n'kugula yokha golosale zake. Ku Putney golosale yakale inapsa mu 2008, n'kupsanso mu 2009 ikukonzedwa, ulendo wachiwiriwu wina atachita kuyatsa dala. Bungwe la mbiri ya tauniyo linasonkhanitsa ndalama, linamanganso, ndipo inatsegulidwa mu 2011. Nyumba ndi ya anthu onse. Wogulitsamo amachita lendi yotsika. Ndi kuvomereza poyera kuti golosale ya pamudzi ndi yofanana ndi chitsime kapena bwalo la milandu, chinthu chomwe phindu lake silikwanira kulembedwa m'buku la ndalama.

Wowerenga wa ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Lusaka asaganize kuti kampani ya m'nkhaniyi ili kutali naye. Mu 2011, chaka chomwe khoti la Vermont linatsegulira njira sitolo ya St. Albans, Walmart inagula magawo 51 pa 100 a kampani ya Massmart ya ku South Africa, mwini wa masitolo a Game, ndipo mu 2022 inagula otsalawo. Mabungwe a apantchito ku South Africa anatsutsa kugulako, ndipo chilolezo chinaperekedwa ndi mfundo zoteteza ntchito ndi kuthandiza opanga katundu a m'dzikomo. Chochititsa chidwi n'chakuti mkangano wa kumeneko unali wa ntchito ndi wa komwe katundu adzaodedwe. Za malo pomwe sitolo iyenera kuima, ndi za yemwe ayenera kufunsidwa isanaime, sizinali pakati pa nkhani.

Ku Vermont komweko mphepo yatembenuka. Dandaulo lalikulu la zaka zaposachedwa si la masitolo koma la nyumba: n'zochepa, n'zodula, ndipo achinyamata, anamwino ndi aphunzitsi akulephera kupeza pokhala m'matauni omwe akuwafuna. Ambiri akuloza chala Act 250, ponena kuti lamulo lomwe linachedwetsa Walmart zaka 20 limachedwetsanso womanga nyumba zogona. Mu 2024 nyumba ya malamulo inasintha lamuloli kwambiri, mopyola kukana kwa bwanamkubwa Phil Scott, yemwe ankati kusinthako sikukufewetsa zinthu mokwanira. Kusinthako kunati chilolezo chizidalira kwambiri malo: kumanga pakatikati pa mizinda ndi midzi kupeputsidwe, pomwe nkhalango ndi malo osalimba atetezedwe koposa. Ndi maganizo a Bruhn aja, atalembedwa m'buku la malamulo patapita zaka pafupifupi 30.

Iye mwini sanazione, pakuti anamwalira mu 2019. Ndipo sitolo ya ku Rutland, yomwe inali chitsanzo chake chonyadira, nayo ili ndi nkhani yake. Kmart inasiya nyumba ija ya pakati pa mzinda chifukwa inasamukira ku msika watsopano wa Diamond Run, womwe unamangidwa kunja kwa mzinda mu 1995. Msikawo unakopa ogula kwa kanthawi, kenako masitolo ake anayamba kutsekedwa imodziimodzi, mpaka wonse unatsekedwa mu 2019, n'kutsala chinyumba chopanda anthu pakati pa bwalo la phula long'ambika. Mu 2024 Walmart inalengeza kuti ikufuna kuchoka pakati pa mzinda wa Rutland kuti ikamange sitolo yaikulu pa bwinja lomwelo la Diamond Run, lomwe lili m'tauni ya Rutland, kunja kwa malire a mzinda. Ena anakondwa kuti bwinjalo lipeza ntchito popanda kukhudza munda wa aliyense. Amene anayamba kufunsa mafunso anali okhala m'nyumba za lendi zapakati pa mzinda, opanda magalimoto, omwe kwa zaka zoposa 25 akhala akupita ku sitoloyo wapansi.